Momwe mtsinje wa Ganges unafikira pa chilumba cha Mauritius

Ukafika ku Port Louis, likulu la Mauritius, n'kufunsa oyendetsa matakisi kuti tsiku limodzi lomwe uli nalo ukalithere kuti, pafupifupi onse amakutchulira njira imodzimodzi. Mumanyamuka m'mawa kukwera mtunda wopita ku Curepipe, kusuzumira m'chidzenje cha Trou aux Cerfs, kudutsa damu la Mare aux Vacoas, kuima pa dziwe la Grand Bassin, kenako nkhalango ya Black River Gorges, mathithi a Chamarel ndi dothi lake la mitundu isanu ndi iwiri, n'kutsikira kunyanja dzuwa litapendeka. Pa Grand Bassin amakupatsa mphindi 30, akakukonda 40. Ujambule chiboliboli chachikulu cha Shiva, mmodzi mwa milungu ikuluikulu ya Ahindu, useke apusi, ubwerere m'galimoto.

Ine ndinafikapo kukuchita nkhungu, kamvula kakuwaza ngati ka chiperoni, pomwe ku Port Louis tinasiya dzuwa likuswa mtengo. Dziweli lili pamtunda, mamita pafupifupi 550 kuchokera pomwe pali nyanja, m'kamwa mwa phiri lomwe linkalavula moto kalekale. Si lalikulu ayi. Munthu wokulira m'mbali mwa nyanja ya Malawi akhoza kuliyang'ana n'kufunsa kuti kodi n'limeneli basi? Madzi ake ndi obiriwira modera, pakati pali kachilumba ka mitengo yothithikana, ndipo m'mbali anamangamo masitepe a simenti otsikira m'madzi. Pamasitepepo ndinaona mayi wina wachikulire atalowa m'madzi mpaka m'mawondo, sari yake itanyowa kumunsi, atanyamula mbale yamkuwa momwe munali nthochi, kokonati wosweka pakati, maluwa achikasu ndi kanyali koyaka. Ankazunguliza mbaleyo pang'onopang'ono, milomo ikugwedera. Kumbuyo kwake pusi anatsika pakhoma, n'kutola nthochi pansembe yomwe wina anasiya, n'kukhala pomwepo kumasenda mosatekeseka. Palibe anam'thamangitsa. M'madzimo nsomba ndi mikunga yonenepa zinkapiringizana pafupi ndi miyendo ya mayiwo, poti pano saweza.

A dalaivala athu, bambo woyankhulayankhula yemwe njira yonse ankatisimbira za mpira wa ku England, atafika apa anangoti zii. Anavula nsapato, natsika masitepe, natunga madzi m'kabotolo ka pulasitiki. Ndinawafunsa kuti, "Bambo, madziwa n'ngakumwa?" Anaseka n'kunena kuti ayi, n'nga mayi awo omwe miyendo inasiya kuwalola kubwera kuno. Anati madzi amenewa ndi a Ganga.

Mtsinje wa Ganges, womwe eniake amautcha Ganga, uli ku India, makilomita masauzande angapo kutsidya kwa nyanja yamchere. Kuti madzi a dziwe la pa chilumba cha kum'mawa kwa Madagascar akhale "a Ganga", pali mbiri yake, ndipo imayambira pa nzimbe.

Mauritius panalibe anthu pomwe azungu ankafikapo. Adatchi anapatcha dzinali mu 1598 polemekeza Maurice wa ku Nassau, anakhazikikapo kuyambira 1638, nabweretsa nzimbe ndi agwape a ku Java, ndipo pomwe ankachoka mu 1710 mbalame ya dodo inali itatha kale. Afalansa anatenga chilumbachi mu 1715 n'kuchitcha Isle de France. Bwanamkubwa wawo Mahé de La Bourdonnais, yemwe anafika mu 1735, ndiye anamanga Port Louis kukhala doko lenileni, koma manja omwe anaswa miyala, kugwetsa mitengo ndi kulima minda anali a akapolo ochokera ku Madagascar ndi kugombe la kum'mawa kwa Africa. Apa m'pomwe nkhaniyi imatikhudza ife. Mu 1776 Mfalansa wina wamalonda, Jean-Vincent Morice, anapangana ndi mfumu ya ku Kilwa, doko la m'dziko lomwe lero ndi Tanzania, kuti izimugulitsa akapolo 1,000 chaka chilichonse. Njira zomwe zinkadyetsa misika ya Kilwa ndi Mozambique zinkachokera mkati mwa dziko, kuphatikizapo madera ozungulira nyanja ya Malawi. Onse ofika kuchokera kumeneko, kaya ndi Mmakua, Myao kapena wa mtundu wina, ankangolembedwa dzina limodzi, "Mozambique".

Angerezi analanda chilumbachi mu 1810, ndipo pa 1 February 1835 ukapolo unathetsedwa. Chipukutamisozi cha mapaundi opitirira 2 miliyoni chinapita kwa eni akapolo, osati kwa akapolo opitirira 60,000 omwe anamasulidwa. Omasulidwawo anawakakamiza kugwirabe ntchito kwa mabwana awo akale mpaka 1839, ndipo nthawiyo itakwana ambiri anachoka m'minda ya nzimbe osacheukanso. Ndani akanatsala? Eni minda anali ataziwoneratu zimenezi. Pa 2 November 1834, ukapolo usanathe n'komwe, sitima yotchedwa Atlas inakocheza ku Port Louis ndi amuna 36 ochokera ku India omwe anadinda chala pa kontirakiti ya zaka zisanu. Boma la Britain linkayesera pa chilumbachi ngati nzimbe zingalimidwe ndi antchito a kontirakiti m'malo mwa akapolo, ndipo zitaoneka kuti phindu likubwera, njirayi anaifalitsa ku Guyana, Trinidad, Natal ndi Fiji.

Kuyambira 1834 mpaka cha m'ma 1920, anthu pafupifupi theka la miliyoni anatsikira ku Port Louis mwa njira imeneyi. Kuyambira 1849 ankafikira pa depoti yomwe lero imatchedwa Aapravasi Ghat, pomwe pali masitepe 16 amiyala omwe munthu aliyense ankakwera akatsika m'boti. Ankapatsidwa nambala, kupimidwa, kusungidwa masiku angapo, n'kugawidwa kwa eni minda. Malowa bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 2006, ndipo ali mphepete mwa doko, poyenda pansi kuchokera kumsika waukulu. Alendo ambiri amawadutsa osadziwa.

Amene agogo awo anapita ku Wenela kapena ku Theba sangavutike kumvetsa moyo wa kontirakiti. Malipiro anali marupi asanu pamwezi, kuphatikizapo mpunga, nyemba zamtundu wa dholl ndi nsomba zouma. Ukajomba tsiku limodzi, kaya wadwala, ankakudula malipiro a masiku awiri. Ambiri ankachokera ku Bihar ndi kum'mawa kwa dera lomwe lero ndi Uttar Pradesh, m'chigwa cha Ganges momwemo, ndipo ankayankhula Chibhojpuri. Ena ankachokera kum'mwera, oyankhula Chitamil ndi Chitelugu, ena kumadzulo kwa Amarathi. Pofika 1871, mwa anthu atatu aliwonse pa chilumbachi, awiri anali Amwenye.

Kwa Mhindu wa nthawi imeneyo, kuwoloka nyanja yamchere sikunali ulendo chabe. Nyanjayo ankaitcha kala pani, kutanthauza madzi akuda, ndipo chikhulupiriro chinali chakuti woiwoloka wadetsedwa, wataya malo ake pakati pa abale, ndipo wadzipatula ku Ganga. Tsono Ganga kwa iwo ndi mayi. M'madzi ake ndi momwe munthu amasamba kuti machimo achoke, ndi momwe amathira phulusa la wakufa. Tangoganizani munthu wobadwira m'mbali mwa mtsinje umenewu, yemwe agogo ake onse phulusa lawo linapita ndi madzi amenewa, akudziwa kuti iye adzafera m'nyumba yaudzu ya pa esiteti ya nzimbe, kutali ndi zonsezo. Ena kontirakiti itatha anabwereradi, koma ochuluka anatsala.

Chipembedzo chawo m'zaka zoyambirira chinali cha pansi pa mtengo. M'mphepete mwa minda ankaika miyala ingapo yopaka utoto wofiira polemekeza mulungu wamkazi Kali, malo omwe mpaka lero amatchedwa kalimaye. Madzulo ankasonkhana m'kanyumba kotchedwa baithka, wodziwa kuwerenga n'kumawayimbira nkhani ya mulungu wawo Rama. Zoyenda ulendo wautali kukapembedza zinali zosatheka. Lamulo la 1867 linkafuna kuti ngakhale yemwe kontirakiti yake inatha aziyenda ndi chiphaso chokhala ndi chithunzi chake, ndipo wopezeka kunja kwa dera lake wopanda chiphasocho ankamangidwa ngati woyendayenda n'kutsekeredwa ku depoti ya Grand River North West. Nkhanzazi zinafika poti mu 1871 mzungu wina, Adolphe de Plevitz, anatolera ma siginecha ndi zidindo za zala zopitirira 9,000 pa kalata yodandaula kwa bwanamkubwa. Chaka chotsatira kunabwera nthumwi zochokera ku London kudzafufuza, ndipo mu 1878 malamulo a ntchito anasinthidwa. Sikuti zinthu zinakoma tsiku limodzi, koma chingwe chinayamba kukhwefuka.

Chinanso chinasintha. Mliri wa malungo wa m'zaka za 1866 mpaka 1868 unapha anthu masauzande ambirimbiri, makamaka ku Port Louis, ndipo olemera anathawira kumtunda kozizira. Curepipe, tauni yamvula yomwe mumadutsa popita kudziwe, inakula chifukwa cha mantha a malungo. Kenako mitengo ya shuga itayamba kugwa, eni maesiteti anayamba kudula malo awo osabereka bwino n'kumagulitsa tizigawotizigawo. Ogula anali Amwenye omwe anasunga tindalama, makamaka akapitawo. Midzi yawoyawo inabadwa, ndipo mudzi ukakhazikika pamafunika kachisi wa miyala. Ku Triolet, kumpoto kwa Port Louis, Pandit Sanjibonlal Ramsoondur anayambitsa kachisi wa Maheswarnath mu 1888, yemwe mpaka lero ndi mmodzi mwa akachisi akuluakulu pa chilumbachi. Anthu amasimba kuti pokumba maziko anapeza mphika wa ndalama zagolide zomwe achifwamba apanyanja anakwirira, ndipo n'zomwe anamangira. Nkhani zoterezi sizisowa pa malo opatulika.

Ndatalikitsa dala mbali imeneyi chifukwa mabuku a alendo amangoyambira pa maloto, ngati kuti malotowo anagwa kuchokera kumwamba pa tsiku lililonse. Maloto anabwera pa nthawi yomwe anthu anali ndi midzi, akachisi, ansembe, ndi ufulu wokwanira woyenda pamsewu. Mu 1897 wansembe wina wa kumpoto, Pandit Jhummon Giri Gossagne Napal, analota madzi a dziwe lina la m'nkhalango akutumphuka kuchokera mu Ganga. Mbiri ya malotowa inawanda, ndipo mu 1898, pa chikondwerero cha Maha Shivaratri, usiku waukulu wopembedza Shiva, kagulu ka anthu kananyamuka ku Triolet wapansi, kudutsa minda ya nzimbe, kukwera mtunda, kulowa m'nkhalango yopanda msewu, mpaka kufika pa dziwe lomwe Afalansa ankalitcha Grand Bassin. Anatunga madzi n'kubwerera nawo kukathira pa mwala wa Shiva m'kachisi wawo. Kupita kokha ndi makilomita opitirira 40.

Dziwelo silinali lachilendo kwenikweni. Amwenye ankalitcha Pari Talao, dziwe la ma pari, omwe m'nthano zawo ndi tiakazi tokongola ta kumizimu, ndipo ankati usiku timavina pa kachilumba ka pakati kaja. Anali malo oopedwa kale, ankhungu, achete, omwe anthu ankati alibe pansi pake. Wansembe uja anangowapatsa dzina la kwawo. Ndipo mwambo wotunga madzi sanaupeke. Ku Bihar komwe ambiri anachokera, mpaka lero anthu amatunga madzi a Ganga ku Sultanganj n'kuyenda nawo wapansi makilomita opitirira 100 kukathira m'kachisi wa Shiva ku Deoghar. Amawanyamula pa mtengo wa nsungwi wopingasa paphewa, mitsuko ikulendewera uku ndi uku. Mtengo umenewu ndiye kanwar. Chomwe chinkasowa pa Mauritius ndi mtsinje wokha basi.

Chifukwa chothirira madzi pa mwala wa Shiva chili m'nkhani yakale ya Ahindu. Milungu ndi ziwanda zinkavundula nyanja pofuna chakumwa chopatsa moyo wosatha, koma choyamba kutuluka chinali poizoni woti akanapha chilichonse. Shiva anamwa poizoniyo n'kumusunga pakhosi, khosilo n'kuchita buluu ndi kutentha. Madzi, mkaka ndi masamba a mtengo wa bel zomwe amathira pa lingam, mwala woimira Shiva, n'zoziziritsa khosi limenelo. Nkhani ina imati Ganga potsika kumwamba akanaswa dziko ndi mphamvu yake, ndiye Shiva anamulandira m'tsitsi lake kuti atsike pang'onopang'ono. A ku Mauritius anawonjezapo mutu wawo: amati Shiva ndi mkazi wake Parvati ankazungulira dziko m'mwamba, Ganga ali pamutu, ndipo ataona kukongola kwa kachilumbaka anatsika, madontho angapo n'kugwera m'chidzenje cha phiri. Ganga atadandaula kuti madzi ake atayikira pa malo opanda anthu, Shiva anamuuza kuti tsiku lina ana a m'mbali mwa mtsinje wake adzakhala pano ndipo adzabwera chaka ndi chaka. Nthano imeneyi ine imandigwira mtima. Anthu omwe anabwera ndi nambala pakhosi anadzipezera njira yonenera kuti kubwera kwawo kunalonjezedwa kalekale.

Mauritius inalandira ufulu pa 12 March 1968, nduna yaikulu ali Seewoosagur Ramgoolam, mwana wa munthu yemwe anabwera pa kontirakiti kuchokera ku Bihar. Patangotha zaka zinayi, mu 1972, anabweretsa madzi enieni a Ganges kuchokera ku India n'kuwathira m'dziwemo pamwambo waukulu, ndipo kuyambira pamenepo dzina lakuti Ganga Talao linakhazikika. Zomwe zinali maloto a wansembe mmodzi zinasanduka nkhani ya dziko. Msewu unakonzedwa, magetsi anafika, akachisi anamangidwa m'mbali mwa madzi, wina wa mulungu Hanuman pamwamba pa kaphiri komwe ukakwera masitepe, kukakhala kulibe nkhungu, umaona mpaka kugombe la kum'mwera. Mu 2007 anatsegulira chiboliboli cha Mangal Mahadev, Shiva woimirira ndi mkondo wake wa mano atatu, chotalika mamita 33, chofanana ndi chomwe chili pa nyanja ya Sursagar ku Vadodara m'dziko la India. Mu 2017 kutsidya kwa msewu kunaimanso cha mulungu wamkazi Durga ndi mkango wake, msinkhu womwewo. Kunena zoona, ziboliboli ziwirizi n'zomwe zimadzaza mafoni a alendo, koma ine sizinandiuze zambiri. Zikanatha kuima pena paliponse. Dziwe lija silingasamuke.

Yemwe akufuna kumvetsa malowa abwere mu February kapena March, sabata ya Maha Shivaratri, yomwe pa Mauritius ndi tchuthi cha dziko lonse. Ahindu ndi pafupifupi 48 pa 100 aliwonse pa chilumba cha anthu oposa 1.2 miliyoni, ndipo chiwerengero chomwe chimatchulidwa kawirikawiri cha ofika kudziwe sabata imeneyo ndi 400,000 kapena kupitirira. Masabata angapo tsikulo lisanafike amasiya nyama ndi mowa. M'midzi anyamata amachezera usiku kumanga kanwar ndi nsungwi, mapepala amitundumitundu, timagalasi ndi timabelu. Kenako misewu yonse yolowera kumtunda imadzaza anthu ovala zoyera, ena opanda nsapato, akuyenda usana ndi usiku, akufuula kuti "Har Har Mahadev" potamanda Shiva. Ochokera kutali amatha masiku awiri kapena atatu. Ndi nyengo ya mvula ndi anamondwe, ndiye ambiri amafika atanyowa chonyowa, mapazi atatupa. M'mbali mwa msewu anthu amamanga zisakasa n'kumagawa madzi, tiyi, zipatso ndi chakudya chopanda nyama kwaulere, ndipo ogawawo si Ahindu okha. Akhristu ndi Asilamu nawonso amaima pakhomo ndi zidebe za juwisi. Akafika amapemphera, amatunga madzi, n'kuyamba ulendo wobwerera, chifukwa mwambo weniweni umachitikira kwawo: usiku wa Shivaratri amachezera m'kachisi wa m'mudzi mwawo, kuthira madziwo pa lingam m'zigawo zinayi za usiku mpaka kucha.

Koma pomwe pasonkhana anthu ochuluka chotere sipasowa mikangano. Woyamba ndi wa kanwar yemweyo. Poyamba unali mtengo wa paphewa la munthu mmodzi. M'kupita kwa zaka magulu a achinyamata anayamba kupikisana, mudzi uwu kufuna kuposa uwo, mpaka kanwar anasanduka zinyumba za matayala zotalika mamita angapo, zokhala ndi ziboliboli, jenereta, magetsi othwanima ndi masipika ogonthetsa m'khutu, zokokedwa ndi anthu makumi. Akuluakulu ankadandaula kuti uku si kupembedzanso koma chionetsero, ndipo oyendetsa galimoto ankadandaula za misewu yotsekeka. Mu 2023 anthu awiri anafa kanwar wawo atagunda mawaya amagetsi pafupi ndi Mare Longue. Pa 3 March 2024, ku Arsenal pamsewu wochokera kumpoto, kanwar wina anakhudzanso mawaya n'kuyaka moto, ndipo anthu asanu ndi mmodzi anataya miyoyo. Ndi msewu womwewo womwe kagulu ka 1898 kayenera kuti kanadutsa ndi nsungwi zawo zapaphewa. Ngoziyi itachitika boma linaika malire a kutalika ndi kukula kwa kanwar, zomwe ambiri ankapempha kwa zaka.

Wachiwiri ndi wa ndale. Chaka chilichonse atsogoleri a dziko amakwera pa nsanja ku Ganga Talao kukayankhula, ndipo chaka chilichonse pamakhala odandaula kuti malo opempherera asanduka bwalo la kampeni. Pa chilumba chomwe malamulo ake aakulu amagawa anthu m'magulu anayi, Ahindu, Asilamu, ochokera ku China ndi "anthu ena onse", ndipo pafupifupi nduna zazikulu zonse kuyambira 1968 zakhala Ahindu kupatula Paul Bérenger, khamu la pa dziwe limaonekanso ngati mavoti. India nayo imadziwa kulemera kwa malowa. Nduna yaikulu ya dzikolo, Narendra Modi, anafikapo mu March 2015, ndipo atabweranso mu March 2025 anathiramo madzi omwe anatunga ku Prayagraj pa chikondwerero cha Maha Kumbh. Palinso nkhani ya zinyalala: maluwa, kokonati, mapepala a pulasitiki ndi zotsala za nsembe za anthu masauzande zimathera m'dziwe laling'ono lomwe madzi ake sayenda kwambiri, ndipo chikondwerero chikatha pamakhala ntchito yaikulu yoyeretsa.

Mukachoka pa dziwe galimoto imalowa m'nkhalango ya Black River Gorges, yomwe inakhazikitsidwa kukhala malo otetezedwa mu 1994 ndipo ndi yaikulu masikweya kilomita pafupifupi 67. Ndi chotsalira cha nkhalango yomwe kale inakuta chilumba chonse nzimbe zisanaidye. Muno ndi momwe anapulumutsira kabawi wa ku Mauritius, yemwe mu 1974 anatsala anayi okha odziwika, komanso njiwa yofiirira yomwe cha m'ma 1990 inatsala pafupifupi khumi. Pamalo oonera zigwa mumaima mphindi zochepa, apusi omwe aja akukuyang'anani m'manja, ogulitsa akukuitanirani chinanazi chothira tsabola ndi mchere. Ku Chamarel mathithi amagwa mamita opitirira 80, ndipo dothi la mitundu isanu ndi iwiri lija ndi miyala ya chiphalaphala yomwe inafumbutuka, chitsulo ndi aluminiyamu zili m'kati mwake n'kupereka mitundu yofiira, yofiirira ndi yabuluu. N'kamalo kakang'ono kotchingidwa ndi mpanda. N'kokongola dzuwa likawala, koma mphindi 15 zimakwana.

Chomwe sanandiuze a dalaivala, mpaka nditafunsa, n'chakuti nkhalango ndi zigwa zimenezi zinali pothawira akapolo. Zaka zambirimbiri wansembe uja asanalote za dziwe, anthu othawa m'minda ankabisala m'mapiri a kum'mwera chakumadzulo kuno, akusakidwa ndi magulu a alenje a anthu. Phiri la Le Morne, lomwe limaoneka mukamatsika ku Chamarel, thanthwe lotalika mamita 556 lolowa m'nyanja, ndilo linatchuka kwambiri ngati linga lawo, ndipo UNESCO inaliika m'kaundula wake mu 2008. Anthu amasimba kuti ukapolo utatha asilikali anakwera kukawauza kuti ndi mfulu, koma iwo poganiza kuti abwera kudzawagwira anadziponya kuphompho. Olemba mbiri amaitenga ngati nthano ya pakamwa, koma pa 1 February chaka chilichonse anthu amasonkhana m'tsinde mwa phirilo.

Ndiye ulendo wa tsiku limodzi uja umadutsa m'mbiri ziwiri zoyandikana, ndipo kusiyana kwake kumaoneka ndi maso. Amwenye anavutika, koma anabwera ndi mayina awo, zinenero zawo, mabuku awo ndi ansembe awo, ndipo kaundula wa pa depoti anasunga dzina la munthu, la bambo ake ndi la mudzi womwe anachokera, moti mdzukulu lero akhoza kukafufuza n'kupeza mudziwo ku Bihar. N'chifukwa chake anatha kuitana mtsinje wawo kuti uwatsatire. Akapolo anawalanda ngakhale dzina. Zidzukulu zawo, Akiliyo, ambiri ndi Akatolika, ndipo ulendo wawo wachipembedzo ndi wa pa 9 September wopita ku manda a Père Laval ku Sainte-Croix, wansembe wa Chifalansa yemwe anatumikira omasulidwa. Mawu akuti "Mazambik" anakhala chitonzo kwa nthawi yaitali. Mu 1846 Mfalansa wina, Eugène de Froberville, anafunsa anthu omwe kale anali akapolo pa chilumbachi za kwawo, nalemba mawu a zinenero zawo, naumba nkhope zawo ndi pulasitala. Mwa iwo munali Amakua, Ayao ndi ena ochokera m'madera omwe lero ndi Mozambique, Tanzania ndi Malawi. Anali akukumbukirabe mayina a mitsinje ndi mapiri a kwawo. Nkhopezo zinakasungidwa ku Blois m'dziko la France kwa zaka zoposa 80. Nyumba yosungiramo mbiri ya ukapolo inatsegulidwa ku Port Louis mu 2023, m'chipatala chakale cha asilikali, poyenda pang'ono kuchokera pa masitepe 16 aja.

Tinatsika ku Chamarel dzuwa likulowa kumbuyo kwa Le Morne. Msewu wake ndi wokhotakhota kwambiri, ndipo pa kona iliyonse kabotolo ka madzi kaja kankagubuduka pa mpando wakutsogolo. A dalaivala anaimika galimoto pambali, nakakulunga m'kansalu koyera komwe anatulutsa m'thumba, nakaika bwinobwino pafupi ndi kachithunzi ka Shiva pa dashibodi. Atatero anayambiranso nkhani ya mpira pomwe anailekezera m'mawa.